Mutu 6: Makala Pakhoma

1. Uthenga wa m'tramu

Uthenga uja unalowa pafoni ya Wezzie Lachitatu masana, iye ali m'tramu, kasitima koyenda mumsewu ka ku Croydon, pochokera kusukulu. Anauwerenga kamodzi, n'kubwerezanso kachiwiri. Kachitatu anakuwa. Bambo wina wokalamba amene anakhala naye mpando umodzi anadzidzimuka mpaka nyuzipepala yake inagwera pansi.

"Sorry, sorry!" anapepesa Wezzie akutola nyuzipepalayo, koma mano onse ali mbee.

Wezzie anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wophunzira zamalonda pa yunivesite ku Greenwich. Anabwera ku London zaka zitatu zapitazo kuchokera ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, ndipo ankakhala ndi azakhali ake, Mayi Marjorie, amene anali namwino. Kupatula sukulu, mtsikanayu anali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala: kujambula timakanema pafoni. Ankajambula komwe kumapezeka usipa wouma, sitolo ya majekete otchipa, ngakhale njira yosinthira sitima popanda kusochera. Amalawi a mu London ankamukonda kwambiri, makamaka amayi ogwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba.

Amene analemba uthengawo anali Marvin, mnyamata wa ku Blantyre wogwira ntchito yotsatsa malonda pa kampani ya Dravella. Kampaniyi inali itatulutsa mankhwala atsopano opopera pakhoma, ochotsa chuku.

Aliyense wochita lendi mu London chuku amachidziwa. Nyengo yozizira ikafika, mawindo amakhala otseka, zochapa zimayanikidwa m'nyumba, makoma n'kuyamba kutuluka thukuta. Kenako madontho akuda bii amamera pakona, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kudenga. Ukapukuta lero, sabata yamawa abweranso.

Tsono a Dravella ankafuna munthu wotsatsa mankhwala awo m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo diso lawo linagwera pa Wezzie. Kanema wotsatsa mankhwalawo adzaulutsidwa pa intaneti. Anthu akadzamukonda, nkhope ya Wezzie idzamatidwa pa mabasi ofiira a mumzindawo.

Pa mabasi! Wezzie yemwe uja, amene anakula akuthandiza mayi ake kugulitsa makala a m'timajumbo pamsika wa Chibavi, nkhope yake pa basi ya London! Atatsika tramu sanayende, anachita kuuluka.

2. Chenjezo la azakhali

"Anti! Anti! Ndatchuka!"

Mayi Marjorie anali akusita yunifolomu yawo pabalaza. Sanatembenuke n'komwe.

"Watchuka, inde. Koma tseka chitsekocho, heating ikuthawa."

Wezzie anatseka chitseko ndi mwendo, n'kuwerenga uthenga wonse mokweza, uku akuvina. Anawerenganso malonjezo a mu uthengamo onena za botolo la Dravella: limapha chuku m'mphindi imodzi, chukucho sichibwereranso kwa chaka chathunthu, ndipo mwana akhoza kugona m'chipindamo tsiku lomwelo.

Apa mpomwe azakhali anaimika simbi.

"Khala pansi, mwanawe. Sindikukuletsa ayi, ndakondwa nawe. Koma undimvere. Ine ndagwira ntchito m'zipatala za dziko lino zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ana amene ndawaona akubanika chifukwa cha chuku, mould ya m'maflat imeneyi, sindingawawerenge. Chinthu chimenechi si dothi loti upukute basi zatha. Chimalowerera mkati mwa khoma, ndipo khoma likakhala lonyowa chimabwerera, kaya upopere chiyani. Ndiye munthu akandiuza za one minute, za chaka chathunthu, ine ndimayamba ndafunsa kuti anayesa ndani, anayesera m'nyumba ya yani."

"Koma Anti, ndi kampani yaikulu, ali ndi ma lab..."

"Sindinamalize. Amayi amene amakuonerawo ndimawadziwa, ndimapemphera nawo. Amagwira twelve hours ali chiimire, pofika kunyumba maso ali psuu. Nthawi yowerenga timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo kwa botolo alibe. Adzagula chifukwa wanena ndiwe, m'chilankhulo chawo, mwana wa kwa Marjorie. Usaganize kuti kampaniyo yatsata kukongola kwako. Atsikana okongola ali mbwee London yense. Yatsata chikhulupiriro chimene anthu athu ali nacho pa iwe, chifukwa chimenecho sangakachipeze musitolo. Ndiye ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Usanene pakamera chimene sunachione ndi maso ako. Tenga botolo limodzi, upopere m'bafa mwathumu, tidikire masabata atatu. Likagwira ntchito, woyamba kukuimbira nthungululu ndidzakhala ine."

"Ndamva, Anti," anayankha Wezzie mwaulemu, manja ali pamiyendo.

Kunena zoona, pampandopo panali thupi lokha. Mutu unali utakwera kale basi yofiira ija.

Madzulo omwewo anamufunsa Marvin za botolo loyesera. Marvin anayankha kuti nthawi yatha, kujambula n'Loweruka lomwelo, ndipo mabotolo akawapeza komweko. Wezzie nkhani imeneyi sanawauze azakhali.

3. Khoma la ku Greenwich

Malo ojambulira anali m'nyumba ina yakale ya njerwa, pafupi ndi mtsinje wa Thames. Anamuuza kuti afike teni koloko, koma Wezzie anafika hafu pasiti naini. Munthu wa chimwemwe wotchi saikhulupirira.

Monga mwa chizolowezi chake, analowa foni ili m'mwamba, akudzijambula.

"Anthu anga, tafika! Onani magetsi awa! Onani makamera!"

Anazunguliza foni chipinda chonse. Mkatimo anali atamanga kachipinda ka mwana, kokhala ndi kabedi ndi zidole. Pakona panali bambo wina wovala ovolosi, atagwada, akuviika siponji m'kandowa n'kumadinda pakhoma. Wezzie sanalabadire. Anthu odzola anthu kumaso anali atamuitana kale, ndipo anaponya foni m'thumba n'kuthamangira komweko.

Patatha ola limodzi anamuimika pafupi ndi khoma lija, atavala malaya achikasu, botolo la Dravella lili m'manja. Khomalo linali lochititsa nthumanzi. Madontho akuda anayambira pansi mpaka pawindo, ngati kuti nyumbayo yakhala chaka osatsegulidwa.

Akudikira kuti akonze magetsi, Wezzie anakhudza khomalo ndi chala. Anayang'ana chalacho. Anachitikita ndi chala chachikulu, n'kununkhiza.

Chuku cha m'bafa mwawo ankachidziwa. Chinkaterera, ndipo chinkanunkha ngati nsanza yoiwalika m'ndowa. Koma ichi chinali chouma, chokhakhala, ndipo pa kuwala kwa magetsi chinkanyezimira pang'ono. Mtsikana amene anakhala zaka khumi zala zili bii pamsika sangafunse kuti chimenechi n'chiyani.

"Marvin!" ananong'ona. "Awa ndi makala!"

Marvin anafika msangamsanga, akumwetulira ngati palibe chachitika.

"Shh, sisi, tsitsa mawu. Ndi charcoal powder chabe. Mould yeniyeni sioneka bwino pa camera, komanso a health and safety sangalole kuti tikuimike pafupi nayo. Aliyense amapanga choncho mu industry muno."

"Koma script ikuti ndayesa ndekha kunyumba kwathu. Ine sindinayese."

"Ukayesa mawa, it's the same thing. Wezzie, mvera. Kunjaku kuli atsikana fifty amene akulira malo waimapowa. Ine ndinakumenyera nkhondo pamaso pa mabwana chifukwa ndiwe wakwathu. Usandichititse manyazi."

Anamupatsa pepala ndi cholembera. Pepalalo linkati zonse zochitika m'chipindamo ndi chinsinsi cha kampani, ndipo wosaina saloledwa kuziulula kwa wina aliyense.

Wezzie anayang'ana chala chake chakuda chija. Anayang'ana magetsi, makamera atatu, ndi anthu khumi ndi awiri amene ankadikira iye yekha. Anapukutira chalacho kumbuyo kwa siketi, n'kusaina.

Kamera itayaka, mantha onse anabalalika. Apa ndiye panali pake. Anapopera khoma, n'kuwerenga mokweza mpaka sikisite, n'kupukuta kamodzi kokha. Khoma lonse mbee!

"Amayi anga," anatero akuyang'ana kamera ndi nkhope yowala, "ndayesa ndekha kunyumba kwathu. Mphindi imodzi yokha, chuku chonse chatha. Mwana wanu agone mwamtendere!"

Chipinda chonse chinaomba m'manja. Mkulu wa ojambula anati sanaonepo woyamba kumene wochita bwino chotero. Wezzie analumphalumpha, n'kukumbatira Marvin, n'kukumbatiranso mayi wodzola anthu uja. M'chimwemwe chimenecho anaiwala dala chinthu chimene mwana aliyense wa ku Chibavi amadziwa, chakuti makala amachoka ngakhale ndi madzi a pampopi.

4. Dzina likwera

Kanemayo atatuluka, foni ya Wezzie sinapumenso. Amayi ankatumizirana m'magulu a pafoni, kuchokera ku Croydon mpaka ku Ilford. Kutchalitchi ana ankamuthamangira akukuwa kuti, "One minute! One minute!" Kusukulu, anzake amene kale sankamupatsa moni anayamba kumusungira malo. Ngakhale mayi ake ku Mzuzu anaonetsa kanemayo msika wonse.

Kunali kukoma, tisaname. Wezzie ankadzuka akuimba, n'kugona akuimba.

Botolo lija anabwera nalodi kunyumba, ndipo anapopera m'bafa. Khoma linayera. Patatha masabata awiri ndi theka, timadontho takuda tinasuzumira pakona. Kuyambira tsiku limenelo Wezzie anasanduka wakhama pa ukhondo. M'mawa uliwonse ankalawirira kubafa ndi kansanza, azakhali asanadzuke. Mayi Marjorie ankangomuyang'ana.

Mwa amayi amene anagula Dravella munali Glory, wosamalira okalamba, amene ankakhala ku Ilford ndi mwana wake wamkazi Chiye, wa zaka zisanu. Chiye anali ndi mphumu. Chipinda chake chinali ndi chuku chambiri, moti Glory anali atasamutsira kabedi ka mwanayo pabalaza, ndipo sabata iliyonse ankalimbana ndi mwini nyumba kuti akonze khoma.

Ataonera kanema wa Wezzie, Glory anapopera chipinda chija, n'kubwezeramo kabedi. Anasiyanso kulimbana ndi mwini nyumba uja. Chuku chinabwerera mwakachetechete kuseri kwa kabediko, kumene diso silifika.

Lachisanu lina Mayi Marjorie anabwera kuchokera kuntchito nkhope ili yogwa.

"Chiye wagonekedwa m'chipatala," anatero akuvula nsapato. "Anabanika Lachiwiri, inhaler osathandiza. Panopa ali bwino, atuluka mawa. Koma zinatsala pang'ono."

Wezzie anali akudya. Anakankhira mbale kutali.

5. Msonkhano wa mu holo

Lamlungu lotsatira, mapemphero a kutchalitchi atatha, analengeza kuti onse amene anagula Dravella atsalire mu holo. Panali nkhani imene a Jailos ankafuna kufotokoza. A Jailos anali loya, bambo wamtali wolankhula modekha, amenenso ankaimba besi m'kwaya.

Anthu akukoka mipando, foni ya Wezzie inalira. Anali Marvin. Wezzie anathawira m'khonde.

"Superstar!" anakuwa Marvin. "Ma bus ayamba lero! Forty buses, sisi, South London yonse! Komanso mabwana akufuna usaine contract ya chaka chamawa. TV, Wezzie, TV!"

Mtima wa Wezzie unadumpha. Ngakhale tsiku ngati limenelo, unadumpha ndithu.

"Koma pali ka issue kakang'ono," anapitiriza Marvin, mawu atatsika. "Pali ma lawyer ena akusokosa. Wina akakufunsa, iwe sudziwa chilichonse. Ndipo tsiku lija ndinakuona ukujambula polowa. Delete zonse, lero lomwe. Kumbuka unasaina."

Foni itaduka, Wezzie anafufuza kakanema kaja. Anali asanakaonerepo chijambulireni. Kanali ka masekondi makumi anayi. Munali nkhope yake yosangalala, magetsi, makamera, kenako bambo wa ovolosi uja akudinda khoma loyera ndi siponji yakuda. Pambali pa kandowa panali paketi yotsegula, dzina la makala likuwerengeka bwinobwino.

Chala chake chinaima pamwamba pa kabatani kofufutira. Kenako anamva a Jailos akuyamba kulankhula, ndipo analowa n'kukhala kumbuyo kwenikweni.

"Abale ndi alongo," anatero a Jailos, "dziko lino lili ndi lamulo lakuti wogulitsa asanamize wogula. Ukalemba pa botolo kuti chinthu ichi chimachita chakuti, uyenera kukhala ndi umboni. Ofesi yathu ikuimira anthu oposa mazana anayi amene asumira kampani ya Dravella kukhothi, chifukwa zimene analonjezedwa sizinachitike. Ena mwa iwo ana awo adwala. Amene mukufuna kulowa nawo pa mlanduwu, mulembetse maina. Koma ndisakunamizeni, mlanduwu ndi wovuta. Kampani ikuti mankhwala awo ndi abwino, olakwa ndi ogula amene sanatsatire malangizo. Ikutinso kanema wawo anaonetsa mould yeniyeni ikuchoka, dziko lonse likuona. Ife tikukayika, koma khothi silimva zokayika. Limafuna munthu amene analipo."

Palibe anatembenuka kuyang'ana Wezzie, ndipo kusatembenukako kunamuwawa kuposa kumuloza chala.

Kenako Glory anaimirira. Chiye anali atamukolekera m'chiuno, atawonda, kachipewa ka ubweya kali kumutu.

"Ine dzina sindilembetsa," anatero Glory motsitsa. "Ndipo ndikupempha, pasapezeke wonena Wezzie. Mwanayu anayesa kwawo, zinatheka, n'chifukwa chake anatiuza. Mwana wa Anti Marjorie sangatinamize. Wolakwa ndine. Mwina ndinapopera pang'ono, mwina sindinadikire one minute yokwanira, nthawi zonse ndimakhala ndikuthamangira shift. Ndakhala ndikudzifunsa sabata yonse m'chipatala muja. Mwana wanga ndinatsala pang'ono kumupha ndekha."

Anakhala pansi, n'kubisa nkhope m'chipewa cha mwana wake.

6. Masekondi makumi anayi

Mpando unakhuluka kumbuyo. Anthu anatembenuka tsopano, n'kuona Wezzie akubwera kutsogolo, foni ili m'manja.

Kutsogoloko kunali chinsalu choyera chimene ankaonetserapo mawu a nyimbo pa mapemphero. Wezzie ndiye ankachiyendetsa Lamlungu lililonse, choncho sanafunse munthu. Analumikiza foni yake ndi chingwe, n'kudina.

Nkhope yake inatulukira pachinsalu, yaikulu ngati chitseko. "Anthu anga, tafika!" Ena anayamba kuseka. Kenako kunaoneka bambo wa siponji uja, ndipo kuseka kunaduka. Wezzie anaimitsa kanemayo pomwe paketi ija inkaoneka bwino.

"Amenewo ndi makala," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza mokweza. "Ndi makala! Pakhoma paja panalibe chuku. Ndinakhudza ndi chala changa, ndinadziwa, chifukwa ndakulira m'makala. Ndipo kunyumba ndinali ndisanayese. Nditayesa pambuyo pake, chuku chinabwerera, ine n'kumapukuta mobisa. Asisi Glory, simunalakwitse chilichonse. Munapopera bwinobwino. Ndinakunamizani ndine."

Holo inaphulika. Ena anaimirira, ena anagwira pakamwa, ena ankakuwa kuti abwezerenso kanemayo aone bwino. Mayi wina anatsegula chikwama n'kutulutsa botolo la Dravella, n'kuliponya m'bini mwamphamvu. A Jailos, amene anthu sanawaonepo akuthamanga, anathamangira pamene panali Wezzie, maso ali waliwali.

"Khalani chete, chonde! Khalani chete!" Atatero anatembenukira kwa Wezzie. "Mwana wanga, chimene wagwira m'manjachi chikhoza kutembenuza mlandu wonse. Koma usanandipatse, ndikuuze zoona, pakuti wanamizidwa kokwanira. Ukapereka, za TV uiwale. Udzaitanidwa kukhothi ngati mboni, ndipo maloya a kampani adzakufunsa mafunso okuvula ulemu. Adzakukumbutsa pepala unasaina lija, adzakuopseza nalo. Udzafunika loya wakowako, ine ndikuthandiza kumupeza. Udzayeneranso kuvomera pamaso pa woweruza zimene wavomera pano, kuti unanena bodza ukudziwa. Palibe akukukakamiza. Ukhoza kupita kunyumba kukaganiza."

Wezzie anayang'ana azakhali ake. Mayi Marjorie anali chikhalire pampando wawo, manja atapinda, misozi ikutsika osaipukuta.

"Usandiyang'ane ine," anatero. "Ine zanga ndinanena kale tsiku lija ndikusita. Kansanza kako ka m'bafa ndakhala ndikukaona m'mawa uliwonse, n'kumapemphera kuti tsiku lina utope nako. Wandichititsa manyazi, Wezzie, kubisa sindibisa. Anthu awa ndidzayenda nawo bwanji? Koma bodza unalinena wekha pakamera, ndiye choonanso uchimalize wekha. Ukasankha njira imeneyi, kukhothiko sudzapita wekha. Ndidzapempha off, ndidzakhala pambuyo pako."

Wezzie anapukuta m'maso ndi mkono.

"A Jailos, ndipatseni email yanu."

Anadina. Foni ya a Jailos inalira m'thumba, ndipo holo yonse inamva. Anthu anathamangira pa tebulo la maina, mzere n'kufika pakhomo. Koma Wezzie atafufuza Glory ndi maso, anapeza mpando wake uli wopanda munthu.

7. Pa siteji ya basi

Anatuluka akuthamanga, jekete osavala. Kunja kunkawaza kamvula kozizira. Glory anali pa siteji ya basi tsidya la msewu, atagwira Chiye padzanja.

"Asisi Glory!"

Wezzie anawoloka n'kuima pambali pa Glory.

Nthawi yomweyo basi yofiira inatulukira pakona. Chiye ndiye anayamba kuona.

"Mummy, look! It's Auntie Wezzie!"

Inalidi nkhope ya Wezzie, kuyambira ku mawilo mpaka ku mawindo a m'mwamba, malaya achikasu, botolo m'manja, mano onse mbee. Pansi pake panali mawu akuluakulu m'zilankhulo ziwiri: NDAYESA NDEKHA.

Chinthu chimene anachilota masabata asanu ndi limodzi chinaima patsogolo pake n'kutsegula zitseko. Wezzie analakalaka nthaka itang'ambika.

Anthu anakwera. Dalaivala anadikira pang'ono, akuyang'ana Glory. Glory anapukusa mutu, ndipo basi inanyamuka.

"Imeneyo sindikwera," anatero, maso ali kumsewu. "Ndidikira ina."

"Asisi, pepani. Sindikudziwa kuti ndinene chani."

"Usanene kanthu, wanena zambiri kale." Glory anakonza kachipewa ka Chiye. "Kukhululuka sindinakukhululukire, usafulumire. Koma lero ndikagona tulo, chifukwa ndadziwa kuti mwana wanga sindinamulakwire ndine. Dzina ndikalembetsa mawa." Kenako anatembenukira kwa Wezzie. "Lachiwiri ndili off. Ubwere ku Ilford ndi foni yakoyo. Tidzasuntha bedi, udzajambule khoma lenileni, anthu ako adzaone."

"Ndibwera, asisi. Ndibwera m'mamawa."

Basi ina inafika, yopanda nkhope ya munthu. Glory ndi Chiye anakwera, ndipo Chiye anabayibitsa pawindo mpaka anakhota.

Wezzie anapuma mozama koyamba tsiku limenelo. Akutembenuka kuti abwerere ku holo, foni inanjenjemera m'manja mwake. Unali uthenga wa Marvin. Nkhani inali itamufika kale, pakuti m'magulu a pafoni a Amalawi nkhani sigona panjira.

"Wasankha wekha, sisi. Mabwana akuti kampani sikudziwa chilichonse za makala, nzeru imeneyo inabwera ndi iwe. Kodi si iwe unkagulitsa makala ku Mzuzu? Dziko lonse likudziwa, unanena wekha m'mavidiyo ako. Ma lawyer athu akulembera mawa."

Wezzie anawerenga kamodzi kokha. Anawoloka msewu osayang'ana kumbuyo, n'kukankha chitseko cha holo.

"A Jailos!" anaitana. "Loya wanga uja, ndikumufuna lero."